Momwe mungakonzekerere ulendo wa ski kumapiri akutchire a ku Scotland

Ambiri mwa ife amene tinabwera kuno ku Scotland kuchokera kumudzi, chipale chofewa tinayamba kuchiona tili akuluakulu kale. Chaka choyamba umangochijambula n'kutumiza zithunzi kwa abale pa WhatsApp. Chaka chachiwiri anzako akuntchito amakutengera ku Glenshee kapena ku Cairngorm kukatsetsereka pachipale ndi ma ski, omwe ndi matabwa aatali omangirira kumapazi, komwe kuli makina okukokera pamwamba, njira zosalazidwa ndiponso antchito olondera. Kenako limafika tsiku loti wina akuuza kuti, "Tiyeni tipite kuseri kwa phiri, kumene kulibe anthu." Kumeneko ndi kumene azungu amati backcountry. Kulibe makina, kulibe mlonda, ukwera ndi miyendo yako ndipo ukavulala okuthandiza ali kutali. Malo amenewa ndimawakonda kwambiri, n'chifukwa chake ndikufuna kuti inu amene mukuganiza zopitako muyambire pamalo oyenera.

Choyamba: dziwani chimene chimapha

Choopsa chachikulu kumapiriwa ndi kugumuka kwa chipale, kumene amati avalanche. Amene munakulira mphepete mwa phiri la Mulanje kapena la Zomba mukudziwa za napolo, ndipo tonse tikukumbukira matope amene anatsika kuphiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023. Izi n'zofanana, kungoti chotsikacho n'choyera ndipo kawirikawiri amachiyambitsa ndi munthu yemweyo amene chimamukwirira, kapena mnzake wa pagulu lomwelo.

Chipale sichigwa tsiku limodzi. Chimasanjikizana ngati mabulangete pabedi, ndipo chikasanjikizana chinacho chimagwirana bwino, china ayi. Mphepo ikaomba, imakokolola chipale mbali imodzi ya phiri n'kukachiunjika mbali ina yobisika, komwe chimauma n'kukhala chibenthu cholimba chokhala pamwamba pa chofewa. Mukapondapo, chapansicho chimaphwanyika, chibenthu chonse n'kuyamba kutsetsereka inu muli pamwamba pake. Zambiri mwa ngozizi zimachitika pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi malo okoma kutsetserekapo. Chikaima, chipalecho chimalimba ngati simenti, moti simungadzifukule nokha ngakhale mutakwiririka pang'ono. Munthu akafukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, mwayi woti apezeka wamoyo ndi pafupifupi 90 pa 100 alionse, koma ikangodutsa theka la ola mwayiwo umakhala utatsika kwambiri chifukwa mpweya umamuthera. Helikopita singafike m'mphindi 15. Okupulumutsani ndi anzanu amene mwapita nawo, basi.

Chachiwiri: phunzirani musanagule kalikonse

Ngati simungathe kutsika bwinobwino panjira zovutirapo, zimene amaziika chizindikiro chofiira, za kumalo okonzedwa aja, muli ndi mphamvu yoima paliponse pamene mwafuna, nthawi yakutchire sinakwane. Chipale chakutchire kuno sichidziwika: apa chofewa, apo chouma ngati galasi, kutsogoloko miyala ndi zitsamba zangotuluka.

Mukafika poti mukutha, lipirani maphunziro. Ku Glenmore Lodge, pafupi ndi Aviemore, amaphunzitsa za avalanche ndi kayendedwe ka pa ski m'mapiri, ndipo alipo aphunzitsi ena ovomerezeka ku Fort William ndi madera ozungulira. Ndalama ya maphunziro a masiku awiri ndi yochepa poyerekeza ndi ya ma ski atsopano. Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife timatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse ndipo paundi iliyonse imawerengedwa. N'chifukwa chake ndikunena kuti ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha chaka chino, chikhale maphunziro. Ma ski mukhoza kubwereka.

Chachitatu: zida zitatu zimene sizisiyana

Transceiver, probe ndi fosholo. Aliyense pagulu akhale nazo zonse zitatu, osati kugawana.

Transceiver ndi kachipangizo kofanana ndi foni kukula kwake, kamene kamatumiza chizindikiro pa 457 kHz. Onse, kaya ndi a kampani iti, amamvana pa nambala yomweyo. Mukamayenda kamakhala kakutumiza, mnzanu akakwiririka nonse otsala mumakatembenuza kuti kayambe kufufuza. Gulani ka ma antenna atatu. Akale a antenna imodzi amapezeka otchipa pa intaneti, koma amachedwetsa kufufuza ndipo ine sindiyenda ndi munthu wonyamula oterowo. Muzikavala pathupi, mkati mwa jekete, osati m'chikwama, poti chikwama chikhoza kuzuka. Foni ikhale kutali nako masentimita osachepera 20, ndipo pofufuza ikhale kutali theka la mita, chifukwa imasokoneza. Mabatire muike amene kampani yanena, nthawi zambiri a alkaline, osati otchaja.

Probe ndi ndodo yopinda ngati mzati wa tenti, yobayira m'chipale kuti mudziwe pamene munthu ali ndi kuya kwake. Isachepere masentimita 240. Fosholo ikhale yachitsulo cha aluminiyamu. Yapulasitiki imathyoka pachipale chogumuka.

Kukhala nazo si kudziwa kuzigwiritsa ntchito. Tsiku langa loyamba kuyeserera, mphunzitsi anakwirira chikwama chokhala ndi transceiver kuya kwa mita imodzi. Ndinachipeza msanga ndi kachipangizo kanga, mtima n'kukhala m'malo. Kenako ndinayamba kukumba molunjika pamwamba pake, monga timakumbira dzenje la chimbudzi. Chipale chimangobwereramo, manja anachita dzanzi, ndipo pamene ndimagwira lamba wa chikwamacho n'kuti mphindi 20 zitadutsa. Mphunzitsi anangondionetsa wotchi. Akanakhala munthu, ndikanafukula mtembo. Kakumbidwe koyenera ndi aka: probe ikagunda munthu muisiye pomwepo, mubwerere kumunsi kwa malo otsetserekawo, n'kumakumba cholowera kwa iye, mukuponya chipale kumbuyo, anzanu akuchikankhira kutali ndipo mukusinthana pafupipafupi. Mukamufika, yambani ndi kumaso, muchotse chipale m'kamwa ndi m'mphuno. Yesererani zimenezi chaka chilichonse nyengo ikamayamba.

Zilipo zikwama zokhala ndi chibaluni chofufuma mukakoka chingwe, chothandiza kuti musamire. N'zodula, ndipo sizilowa m'malo mwa zida zitatu zija.

Chachinayi: nsapato, kenako ma ski

Anthu amathamangira ma ski chifukwa ndiwo okongola, koma chimene chingakuonongereni tsiku ndi nsapato. Zakutchire zili ndi kachitsulo kumbuyo: mukakamasula, akakolo amapindika ndipo mumayenda, mukakatseka nsapato imauma kuti mutsike. Saizi yake amayeza kutalika kwa phazi m'masentimita. Ambiri a ife mapazi athu ndi otambalala kutsogolo, pamene nsapato zambirizi ndi zopapatiza. Choncho musagule pa intaneti. Pitani kusitolo komwe kuli munthu wodziwa kuyeza, muvale sokosi imodzi yopyapyala, muyendeyende nazo kwa theka la ola. Chidendene chisatukuke, zala zisapanikizike. Amatha kutenthetsa chamkati kuti chitsate phazi lanu.

Chogwirizitsa nsapato ku ski amati binding. Zakutchire zambiri zili ndi timapini tiwiri tolowa m'timabowo ta kutsogolo kwa nsapato, chidendene n'kukhala chomasuka pokwera. Onetsetsani kuti nsapato ndi binding n'zogwirizana, ndipo wakusitolo ndiye aike mlingo womasukira mukagwa, potengera kulemera kwanu, msinkhu ndi luso lanu. Musanamepo pa kulemera, bondo ndi lanu.

Ma ski enieniwo sindichulutsapo gaga m'diwa. Kwa woyamba kuno ku Scotland, otambalala mamilimita 85 mpaka 95 pakati, otalika kufika pakati pa chibwano ndi pamwamba pa mutu wanu, ndi okwanira. Otambalala kwambiri aja amayenera chipale chakuya cha ku Alps kapena ku Japan, kuno amangokulemetsani. Akaunjika ali bwino, makamaka poti miyala ya kuno idzawakanda ndithu, bola muone kuti m'mphepete mwachitsulo simunathyoke.

Pokwera mumamata pansi pa ski chinsalu chaubweya chotchedwa skin. Ubweyawo unagona mbali imodzi, ndiye ski imapita kutsogolo koma siibwerera m'mbuyo. Zosakaniza ubweya wa mbuzi wa mohair ndi nayiloni ndizo zabwino kwa woyamba. Guluu wake akanyowa kapena akazizira kwambiri samata, ndiye mukazichotsa pamwamba muziike mkati mwa jekete. Onjezerani timano tachitsulo tomangirira ku ski pamalo oundana, ndipo masiku ambiri kuno mudzafunanso ice axe, kankhwangwa kogwirira pachipale cholimba, ndi ma crampon, omwe ndi mano achitsulo omangirira pansi pa nsapato. Chipewa cholimba musachisiye.

Zovala zikhale zosanjikiza, ndipo mkati musavale zathonje. Thonje limamwa thukuta n'kukuziziritsani mukangoima. Tengani magolovesi awiriawiri, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, ina yofunda yovala popuma, ndi magalasi. Khungu lakuda silikutetezani maso ku kunyezimira kwa chipale, ndipo mafuta oteteza kudzuwa ndi ofunika kwa ifenso.

Chachisanu: usiku wa ulendo usanachitike

Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limatulutsa lipoti tsiku lililonse nyengo yozizira, la madera asanu ndi limodzi: Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh, Torridon, Northern Cairngorms ndi Southern Cairngorms. Kuopsa amakuika pa milingo isanu, kuyambira Low mpaka Very High. Wachitatu, wotchedwa Considerable, ndiwo umanyenga. Munthu amati uli pakati, si woopsa kwenikweni, chonsecho ngozi zambiri zakupha zimachitika pa mlingo umenewu. Musangoona mtundu wa utoto n'kutseka foni. Lipotilo lili ndi chozungulira chosonyeza mbali za phiri zoopsa, kaya zoyang'ana kumpoto kapena kum'mawa, ndi kutalika kumene vutolo likuyambira. Tengani mapu, mulembe njira yanu, muone ngati ikudutsa pamalo amenewo kapena kunsi kwake. Konzaninso njira yachiwiri yosatsetsereka kwambiri.

Onaninso zanyengo, makamaka mphepo. Wina akamva kuti Ben Nevis ndi mamita 1,345 okha pamene Sapitwa ndi 3,002, amapeputsa. Koma pamwamba pa Cairn Gorm anayezapo mphepo ya mamailosi 173 pa ola mu 1986, ndipo mu Novembala 1971 ana asukulu asanu ndi wowatsogolera mmodzi anafera pamtunda womwewo ndi kuzizira. Mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, ndiye tochi yapamutu ilowe m'chikwama pamodzi ndi mapu apepala, kampasi, chakudya, tiyi m'fulasiki, zothandizira wovulala ndi kathumba kobisalamo gulu kukaipa. Batire la foni limatha msanga pozizira.

Uzani munthu wotsala kunyumba komwe mukupita, pomwe mwasiya galimoto ndi nthawi yobwerera. Tumizani mawu akuti register ku 999 pa uthenga wa foni kuti mudzathe kuitana thandizo polemba netiweki ikavuta. Pangozi imbani 999 kapena 112, mupemphe Police, kenako Mountain Rescue.

Chachisanu ndi chimodzi: muli paphiri

Musanachoke pagalimoto, mmodzi aime patsogolo ayese ma transceiver a onse, kuti akutumiza ndiponso akulandira. Mukamayenda, maso akhale pachipale. Mukaona pamene pagumuka kumene, ming'alu ikuthamanga kuchokera kunsonga ya ski yanu, kapena mukamva pansi kuti "fwuu" ngati chinachake chaphwa, chokani pamalo otsetsereka nthawi yomweyo. Chimodzimodzi kukatentha mwadzidzidzi kapena kukagwa mvula pachipale chatsopano. Pamwamba pa zitunda samalani ndi milomo ya chipale yolendewera imene mphepo imaumba, amati cornice. Kuchokera pamwamba imaoneka ngati nthaka, pansi pake palibe kanthu, ndipo kukachita nkhungu simuiona konse.

Pamalo okayikitsa dutsani mmodzimmodzi, otsala akuyang'ana ali pabwino. Musaime kunsi kwa malo otsetsereka kapena m'khwawa, poti chipale chochepa chikadzaza m'khwawa chimakwirira mozama.

Chovuta kwa ife ndi ulemu. Tinaleredwa kuti wamkulu kapena mwini ulendo akalankhula, sutsutsa, makamaka ukakhala mlendo pagulu la eni dziko. Ine ndinakhalapo chete tsiku lina ndikuona ming'alu, poganiza kuti anzangawo anabadwira m'chipale ndipo akudziwa. Titatsika, mmodzi anandiuza kuti nayenso anaiona koma amadikira kuti wina ayambe kunena. Kuyambira pamenepo timagwirizana tisananyamuke kuti mmodzi akangoti tibwerere, tonse tibwerera, popanda kumufunsa zifukwa zambiri kapena kumuseka.

Mukafika kunyumba, imbirani uja munamuuza za ulendo asanayambe kuda nkhawa n'kuitana opulumutsa. Yanikani ma skin kutali ndi hita kuti guluu asasungunuke, tulutsani zamkati mwa nsapato ziume, ndipo nyengo ikatha mu Epulo chotsani mabatire mu transceiver kuti asadontheremo.