Mukapita ku Salem mvula ikugwa

Ngati muli ku Boston, ku America, ndipo mwakonza zokaona Salem, tauni yodziwika ndi milandu ya ufiti ya 1692, mvula isakubwezeni. Kwerani sitima ku North Station, ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola. Galimoto isiyeni, makamaka mu Okutobala pomwe tauni yonse imadzaza ndi anthu a Halloween, chikondwerero chovala ngati mfiti ndi mizukwa, ndipo poimika pamasowa.

Ambulera musaidalire. Salem ili m'mphepete mwa nyanja, mphepo ikangowomba ambulera yatembenuka. Valani jekete la mvula ndi nsapato zogwira pansi, poti njerwa za mumsewu wa Essex zikanyowa zimaterera.

Mvula ikalimba thawirani mu Peabody Essex Museum, nyumba yoonetseramo zaluso ndi zinthu zakale, muli zambiri zoti n'kuthera maola. Kenako pitani ku Witch House, nyumba yomwe ankakhala Jonathan Corwin, mmodzi mwa oweruza milandu ya ufiti ya 1692. Mashopu ogulitsa zipewa zosongoka za mfiti ali paliponse, ine ndimangowadutsa.

Ikakata pang'ono, fikani pa chikumbutso chomwe chili pafupi ndi manda akale a Charter Street, chomangidwa mu 1992. Pali mabenchi amiyala 20, lililonse lili ndi dzina la munthu amene anaphedwa atanamiziridwa ufiti. Anthu 19 anapachikidwa, koma Giles Corey anamusanjikizira miyala pachifuwa mpaka kufa chifukwa anakana kuyankha mlandu. Mvula ikagwa anthu amachepa, mumatha kuwerenga maina onse mosathamanga, maluwa amene alendo asiya pamabenchipo ali chinyowere.