Vinyo akaima kuwira, nsenga zake musayambitsire wina

Amayi ndi abambo amene mumapanga vinyo wa chidede, nthochi, mango kapena malambe m'magulu mwanu, vuto ili mukulidziwa. Masiku atatu oyamba ndowa imachita thovu bwinobwino, kenaka zii. Mukalawa, akadali kutsekemera, ukali mulibe, ndipo ikatha sabata wayamba kuwawasa. Ena mumathamangira kuonjezera shuga. Ena mumatapa nsenga za pansi pa ndowa yomweyo n'kukayambitsira vinyo watsopano, poti yisiti ndi yodula. Chachiwirichi ndiye ndikupempha kuti tisiye.

Yisiti ndi kachamoyo. Ikapeza shuga wa mtundu wa glucose imamudya mwaphuma n'kutulutsa mowa wambiri, ndipo mowawo umafooketsa mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, amene akulimbirana nayo chakudya. Koma mabakiteriya nawo ali ndi nzeru zawo. Mu 2014 Daniel Jarosz ndi Susan Lindquist a ku Whitehead Institute ku America, mothandizana ndi Linda Bisson, katswiri wa vinyo wa ku University of California ku Davis, anaonetsa kuti mabakiteriya ena amatulutsa chinthu chosinthitsa yisiti khalidwe. Mu 2016 kunadziwika kuti lactic acid, asidi yemwe uja amawawasitsa chambiko, amatha kuchita zimenezi. Yisiti yosinthayo imasiya kulimbikira glucose, mowa umachepa, mabakiteriya n'kupeza mpata woswana.

Apa mvetsetsani bwino. Kusinthaku sikuchitika mu DNA ya yisiti, imene imasunga malangizo a chibadwa chake, ayi, kumachitika m'mapuloteni ake. Puloteni imagwira ntchito molingana ndi momwe yapindikira komanso inzake imene yagwirana nayo. Pali mapuloteni ena amene akasintha kaimidwe amakokera anzawo kuti asinthe chimodzimodzi, ndipo akatswiri amawatchula kuti prion. Khalidwe la yisiti limene tikunenali lili m'gulu lofanana ndi limenelo, dzina lake GAR+. Tsono yisiti imaberekana pophukira kamwana m'mbali mwake, ndipo kamwanako kamatengera mapuloteni a make momwe alili. Ngakhale mabakiteriya atachoka, ana ndi zidzukulu zimatha kupitiriza ulesi womwewo kwa mibadwo yambiri. Mukatapa nsenga za vinyo woima, mwanyamula mabakiteriya, mwinanso ndi yisiti imene inagonja kale. Zili ngati kusunga mbewu kuchokera m'munda wa chinangwa chodwala khate.

Amene munamvapo za matenda a misala ya ng'ombe amene anapezeka ku Britain mu 1986, mawu oti prion asakuopseni. Mapuloteni a yisitiwa ndi ena, sadwalitsa munthu. Chimene amaononga ndi vinyo ndi ndalama zanu.

Ndiye yambirani pa zipatso. Zowola, zobooledwa ndi ntchentche kapena zotola pansi zitaphulika, tayani, chifukwa ndi mmene mabakiteriya amadzazana. Ndowa ikhale ya vinyo basi, osati imene dzulo munali thobwa kapena mkaka, ndipo ya pulasitiki yokandika mkati ipumitseni, pakuti m'mikwingwirimamo sopo safikamo. Tsukani ndi madzi otentha ndowa, chivundikiro, nsalu yosefera ndi mthiko womwe.

Ngati mungapeze mapiritsi a Campden kwa ogulitsa zipangizo za vinyo, phwanyirani limodzi pa malita 4.5 alionse a madzi a zipatso, muvundikire, mudikire maola 24 musanathire yisiti. Amachepetsa mabakiteriya yisiti isanalowe. Osapyola muyezo.

Yisiti ikhale yatsopano, makamaka ya vinyo. Isungunuleni m'madzi ofunda a madigiri 35 mpaka 40 kwa mphindi 15, kenaka muthire yokwanira kuti kuwira kuyambe msanga. Yisiti ikachedwa kudzuka, mabakiteriya amakhala atatsogola kale.

Sikuti vinyo aliyense woima wagwidwa ndi GAR+. Shuga wochulukitsa amatopetsa yisiti, choncho ndi bwino kumuthira magawo awiri kapena atatu masiku osiyana. Kutentha kwa Okotobala m'nyumba ya malata nakonso kumaipha. Ndowa ikhale pamthunzi, muikulunge ndi chiguduli chonyowa. Vinyo akaima koma asanawawase, mutsanulireni m'chigubu choyera, nsenga zitsale, muyambitse yisiti yatsopano pambali m'madzi a shuga pang'ono, n'kumaonjezeramo vinyoyo pang'onopang'ono mpaka thovu libwerere. Nsenga zotsalazo kathireni pa kompositi.