Katsukidwe ka kunja kwa kegi ya mowa

Makegi, migolo yachitsulo yosungiramo mowa, akabwera kuchokera ku mabala tsukani kunja kaye asanalowe pa mashini otsuka mkati, apo ayi matope onse aja akathera pa valavu, potulukira mowa. Matulani malebo akale, thirani madzi otentha osakaniza ndi kositiki (caustic soda) pang'ono kenako kwechani ndi bulashi ya pulasitiki, makamaka m'mphepete mwa pansi muja momwe mumabisala mphemvu ndi mowa wouma, mukatero tsukuluzani ndi madzi oyera. Jik ayi chonde, klorini amene ali mu Jik amadya chitsulo cha stainless mpaka kuboola timabowo, sitiliwulu nayenso amasiya dzimbiri. Kegi ikakhala ya aluminiyamu kositiki musayerekeze n'komwe.

Valani magolovesi, magambutsi ndi magalasi oteteza maso poti kositiki amawotcha khungu koopsa. Valavu ija musayimasule, mkatimo mumatsala gasi wamphamvu woti atha kukuvulazani.