Mwana akamatsokomola, kwezani malaya muone nthiti

Miyezi ya June ndi July ikafika, ana ambiri amayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, ndipo makolo amathamangira kuwaveka juzi, chipewa, kenako kuwakulunga m'bulangeti. Kufunditsa mwana pozizira si kolakwika. Vuto ndi loti zovala zonsezi zimabisa malo omwe angakuuzeni msanga ngati mwanayo ali ndi chimfine wamba kapena chibayo, ndiko kumunsi kwa chifuwa komwe nthiti zimathera. Pali zinthu ziwiri zomwe kholo lililonse lingachite pakhomo popanda chida chakuchipatala: kuwerenga kupuma kwa mwana, ndi kuyang'ana momwe nthiti zake zikuyendera. Koma munthu amaona bwino akadziwa chomwe akuyang'ana, choncho tiyambe ndi momwe mpweya umalowera m'thupi.

Mapapo paokha sakoka mpweya, alibe mnofu wogwirira ntchito imeneyo. Wogwira ntchito wamkulu ndi mnofu wopyapyala koma wotambalala womwe umalekanitsa chifuwa ndi mimba, umene kuchipatala amautchula diaphragm. Ukamasuka umakhala wotumphukira m'mwamba, kumunsi kwa mapapo. Ukakungika umatsika n'kuphwatalala, n'kukankhira za m'mimba pansi, n'chifukwa chake mimba imatukuka munthu akamakoka mpweya. Nthawi yomweyo timinofu ta pakati pa nthiti timakwezera nthitizo m'mwamba ndi kunja. Zikatere malo a mkati mwa chifuwa amakula, ndipo mapapo, omwe amamatirira kukhoma la chifuwa chifukwa cha timadzi tochepa ta pakati pawo, amafutukuka nawo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mpweya womwe unali m'mapapo tsopano wapezeka m'malo aakulu, ndiye mphamvu yake yokankha imatsika, kuchepera mphamvu ya mpweya wakunja. Mpweya wakunjawu umatipanikiza usana ndi usiku ngakhale sitiumva, ndipo ukangopeza malo omwe mphamvu ndi yochepa umathamangira komweko, kudzera m'mphuno ndi kukhosi. Amene anaonapo wosula makasu akupukusa mvukuto wachikopa akudziwa kale zimenezi: akakoka chikopa m'mwamba mpweya umadzilowera wokha, akachitsindira pansi umatuluka kukakoleza makala. Katswiri wa sayansi Robert Boyle, yemwe ankagwira ntchito ku Oxford, anafotokoza lamulo lake mu 1662, loti mpweya womwewo ukapatsidwa malo okula kawiri mphamvu yake yokankha imatsika ndi theka, ukapanikizidwa m'malo ochepa imakwera.

Kwa munthu wathanzi amene wangokhala, kusiyana kwa mphamvuku n'kochepa zedi, kongokwanira kukweza madzi pafupifupi sentimita imodzi m'kapaipi. Komabe kumakwanitsa kulowetsa mpweya pafupifupi theka la lita mwa munthu wamkulu, ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Kutulutsa mpweya ndiye sikulira ntchito n'komwe: mnofu uja umangomasuka, mapapo otamuka aja amabwerera, malo amachepa, mphamvu ya mkati imaposa yakunja, mpweya n'kutuluka.

Chibayo chimasokoneza zonsezi. M'mapapo muli timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, momwe okosijeni amadutsira kulowa m'magazi. Tizilombo tikalowa, timatumba tina timadzaza mafinya ndi madzi, ndipo mbali imeneyo ya phapo imauma gwa, osafutukuka msanga. Mpweya wolowa pa ulendo umodzi umachepa, ndiye thupi limabwezera pochulukitsa maulendo. Uku ndiye kupuma mofulumira. Matenda akakula, mnofu uja umayenera kukoka ndi mphamvu zoposa kuti ufutukule mapapo oumawo, ndipo mphamvu ya mkati mwa chifuwa imatsika kwambiri kuposa nthawi zonse. Nthiti za munthu wamkulu ndi mafupa okhwima, zimapirira. Za mwana ndi zanthete, zofewa, choncho mpweya wakunja umazikankhira mkati. Pa nthawi yomwe chifuwa chimayenera kufutukuka, kumunsi kwake kumalowa. Zomwe mumaona kunjazo ndi chizindikiro cha momwe mwana akulimbanirana ndi mapapo ake mkati, ndipo mnofu wa mwana wamng'ono suchedwa kutopa.

Tsopano kawerengedwe. Mwana akhale wodekha, asakhale akulira kapena kuyamwa, chifukwa zonsezi zimasintha kapumidwe. Ngati ali mtulo, ndi bwinonso, musamudzutse. Mukhazikeni pamiyendo pa amayi ake, kwezani malaya kufika m'khwapa, pamalo owala. Sankhani malo amodzi pamimba kapena pachifuwa pomwe pakuoneka bwino kukwera ndi kutsika, ndipo maso anu asachoke pamenepo. Kukwera ndi kutsika kumodzi ndiye kupuma kumodzi, musawerenge kawiri. Ntchitoyi imayenda bwino mukakhala awiri: wina agwire foni kapena wotchi n'kunena kuti "yambani" ndi "basi", winayo azingowerenga. Abambo, apa ndi panu, musangoima pakhomo n'kumafunsa kuti ali bwanji.

Werengani mphindi imodzi yathunthu, masekondi 60. Pali chizolowezi chowerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, koma pa mwana chimenechi chimanamiza. Makanda sapuma mwandondomeko: amathamanga pang'ono, kuima kwa masekondi angapo, n'kuyambiranso. Mukagwira kagawo kothamanga kokhakokha mudzachita mantha pachabe, mukagwira kodekha mudzagona tulo mwana akudwala. Alangizi a zaumoyo m'midzi amakhala ndi kawotchi kapadera komwe kamalira mphindi ikatha pa chifukwa chomwechi. Mwana akayamba kulira muli mkati, mutonthozeni n'kuyambiranso.

Malire omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika, omwenso zipatala zathu zimatsatira, ndi awa. Khanda losakwana miyezi 2 likupuma mofulumira likafika ka 60 kapena kuposa pa mphindi, ndipo pa msinkhu umenewu werengani kachiwiri kuti mutsimikize. Kuyambira miyezi 2 kufika miyezi 11, malire ndi ka 50. Kuyambira chaka chimodzi kufika zaka 5, malire ndi ka 40. Mwana amene wakwanitsa miyezi 12 ndendende ali m'gulu la ka 40. Lembani manambalawa kuchikuto cha kabuku ka kusikelo kuti usiku musamavutike kukumbukira. Ena amati mwana akupuma mothamanga chifukwa cha kutentha thupi chabe. N'zoona kutentha thupi kumafulumizitsa kupuma, koma kusiyanitsa zimenezi si ntchito ya pakhomo. Akapyola malire, aonedwe.

Kuyang'ana nthiti kumafuna diso lofatsa kuposa kuwerenga, ndipo ambiri amasokonezeka pano. Choyamba dziwani nthawi yomwe mwana akukoka mpweya: ndi pomwe mimba ndi kumtunda kwa chifuwa zikutukuka. Pa nthawi yomweyo yang'anani nthiti zomalizira, pamwamba pang'ono pa mimba. Mwa mwana wabwinobwino, mimba, nthiti zakumunsi ndi chifuwa chonse zimatulukira limodzi. Mwa mwana wobanika, mimba imatukuka pomwe nthiti zakumunsi zikulowa, n'kupanga mzere wakuya wopingasa pansi pa chifuwa, kuchokera mbali ina kufika mbali inayo. Mzerewu umaoneka n'kuzimiririka pa kupuma kulikonse. Kuti tinene kuti nthiti zikulowadi, ziyenera kuoneka choncho nthawi zonse mwana ali phee, osati pokhapo akulira kapena kuyamwa. Ngati mphuno zatsekeka ndi mamina, zipukuteni kaye n'kuyang'ananso, chifukwa mphuno yotseka nayo imachititsa mwana kukoka mwamphamvu. Makanda a masabata ochepa nthiti zawo zimalowako pang'ono ngakhale ali bwino, poti ndi zofewa kwambiri, koma kulowa kwakuya koonekera patali si kwachibadwa.

Tcheraninso khutu. Mwana wina amabuula motsitsa pa mapeto a kupuma kulikonse, kaphokoso kakafupi kobwerezabwereza. Agogo angati akungodandaula ndi kuphwanya kwa thupi, koma chomwe chikuchitika n'china. Mwanayo akutsekako kukhosi potulutsa mpweya kuti m'mapapo mutsale mphamvu pang'ono, timatumba tija tisaphwe n'kumatana, chifukwa kathumba kophwa kamavuta kwambiri kukatsegulanso. Kuchipatala kuli makina ogwira ntchito yomweyi, otchedwa CPAP. Ena mwa makinawa, a Pumani, anapangidwa mogwirizana ndi akatswiri a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a ku Rice University ku America, ndipo amathandiza kwambiri ana obadwa masiku asanakwane. Mpweya umalowa kudzera pa timapaipi ta m'mphuno, ndipo paipi ina imamizidwa m'botolo la madzi lomwe limangobwata thovu. Kuya kwa madziwo, m'masentimita, ndiko kumapima mphamvu yotsalira m'mapapo a khandalo. Ndiye mwana akamabuula chonchi kunyumba, dziwani kuti akudzichitira yekha ntchito yomwe kuchipatala amaikira makina, ndipo sangaipirire nthawi yaitali. Mphuno zomwe zikutambasuka pa kupuma kulikonse, mutu wogwedezekera kutsogolo motsatira mpweya, ndi phokoso lokalipa la kukhosi pokoka mpweya mwana ali chete, zonsezi zili m'gulu lomwelo.

Mukapeza kupuma mofulumira kokha, mwana ali ndi miyezi 2 kapena kuposa, akuyamwa kapena kumwa bwino, pitani naye tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo wa kukiliniki ya m'mudzi kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi. Kawirikawiri amapereka amoxicillin, mapiritsi osungunuka m'madzi pang'ono kapena mu mkaka wa m'mawere. Mumwetseni masiku onse omwe mwauzidwa. Kutentha thupi kumatha msanga tizilombo tisanathe, ndipo mapiritsi osungira m'bale wake akadzadwala ndi mapiritsi omwe mwam'mana wodwala wa lero.

Koma nthiti zikamalowa, kapena akamabuula, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akalefuka mosadzutsika, kapena milomo ndi lilime zikasintha mtundu kuyamba kuderako. Khanda losakwana miyezi 2 likaonetsa chilichonse mwa zomwe tatchulazi, ngakhale kupuma mofulumira kokha, malo ake ndi kuchipatala. Kumeneko amamupana kachida kuchala kapena kuphazi koyeza okosijeni m'magazi, ndipo akatsika pansi pa 90 pa 100 amamuika pa mpweya.

Panjira kumbukirani mnofu uja. Mwana wamng'ono amapumira kwambiri mimba, choncho chilichonse chofinya mimba chikumulanda mpweya. Chitenje chomubelekera chisamange kwambiri pamimba ndi pachifuwa, ndipo ngati n'kotheka munyamuleni kutsogolo, mutu uli chokwezeka, komwe mukumuona nkhope. Mufunditseni mosafinya. Ngati akutha kuyamwa, ayamwe pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Musamukakamize phala m'kamwa ali wefuwefu, angatsamwe, komanso mimba yodzaza kwambiri imakankhira mnofuwo m'mwamba n'kuchepetsa malo a mapapo.

Za mphini ndinene mosabisa. Kutema mwana pachifuwa kapena m'nthiti sikuchotsa mafinya omwe ali mkati mwa timatumba ta m'mapapo. Kumangowonjezera zilonda, ndipo ululu wake umam'chititsa kuopa kupuma mozama. Mafuta onunkhira opaka pachifuwa nawo amathera pakhungu. Mankhwala ogula pagolosale mongoyerekeza amadya masiku awiri atatu omwe akanachiza mwanayo.

Kupewa kulipo ndipo n'kwaulere. Katemera wa chibayo wa PCV anayamba kuperekedwa m'Malawi mu November 2011, ndipo mwana amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, pamodzi ndi akatemera ena a kusikelo. Wa chikuku nayenso asaphonye, poti chikuku chimatsegulira njira chibayo. Kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba kumam'patsa mwana chitetezo, ndipo pophikira nkhuni m'khitchini yotseka khanda lisakhale kumsana, musiyireni wina panja. Katemera sateteza ku tizilombo tonse toyambitsa chibayo, choncho ngakhale mwana wobayitsa zonse amafunika kumuwerenga akadwala.

Musadikire matenda kuti muphunzire. Madzulo ano mwana akagona ali bwinobwino, kwezani malaya ake, werengani mphindi imodzi, muone momwe mimba ndi nthiti zimatulukira limodzi, n'kulemba nambalayo m'kabuku kake pamodzi ndi tsiku. Aonetseninso agogo ake kapena aliyense amene amatsala naye inu mukapita kumunda kapena kumsika. Pa tsiku la sikelo likubwerali, pemphani mlangizi kuti awerenge nanu limodzi, muone ngati manambala anu akufanana.