Kusankha kampeni kopinda koyenda nako m'thumba

Mwafunsa kuti kampeni kakang'ono kopinda, koyenda nako tsiku ndi tsiku, mungakasankhe bwanji. Ine ndimachita chonchi.

Choyamba, dzifunseni kuti kazigwira ntchito yanji. Ngati n'kudula chingwe, kutsegula katoni, kusongola pensulo kapena kusenda mango, kokhala ndi chitsulo chotalika masentimita 4 mpaka 7 n'kokwana. Nzimbe si ntchito yake.

Kenako kagwireni m'manja musanalipire. Katseguleni, katsekeni, kangapo konse. Mukaona chitsulo chikugwedera pamsomali wake, kasiyeni pomwepo ngakhale wogulitsa atsitse mtengo, chifukwa koteroko n'kamene kamadzipinda kokha n'kukutemani chala. Kolimba kwambiri mpaka kuthyola chikhadabo potsegula nakonso ayi.

Mukatero onani chitsulocho. Cholembedwa stainless kapena inox sichichita dzimbiri msanga. Cha carbon chimanoleka mosavuta pamwala, koma musende nacho lalanje n'kuiwala kupukuta, m'mawa mupeza chada.

Kwa ine Victorinox Classic ya ku Switzerland ndi yabwino: ikapindidwa ndi mamilimita 58 basi, ili ndi kasizasi, ndipo imakoledwa pa makiyi. Okapi ya ku South Africa tonse timaidziwa, koma yambiri imalemetsa thumba la thalauza.

Amene muli ku Britain, lamulo limalola kuyenda ndi kopinda kopanda loko wokhomera chitsulo kakatsegulidwa, komwe chitsulo chake sichipitirira mainchesi 3. Opinel ya ku France kuyambira saizi ya No. 6 kupita m'mwamba ili ndi mphete yokhomera chitsulo, yomwe ndi loko, ndiye tengani No. 5 kutsika m'munsi.

Pokwera ndege kaikeni m'chikwama chachikulu chimene mumapereka pakauntala, apo ayi akhoza kukulandani pachipata.