Kulera tiana ta cockatiel kuno ku Mangochi

Cockatiel ndi kachinkhwe ka ku Australia kokhala ndi nthenga zoimirira pamutu. Yaikazi imaikira mazira 4 mpaka 7, ndipo amaswa pakatha masiku 18 mpaka 21. Kamwana kamatuluka kosaona, kolemera magalamu 4 kapena 5 basi. Ngati makolo ake akukadyetsa bwino, kasiyeni m'chisa mpaka masabata awiri kapena atatu. Kochotsa kali ndi tsiku limodzi kamafuna kudya maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, ndipo kwa wongoyamba kumene kamafera m'manja.

Mukakatenga, maso anu akhale pa chithokomiro, kathumba ka pansi pa khosi momwe chakudya chimayamba chafikira. Kamwana kakakhuta, kathumbako kamatukumuka koma kamakhala kofewa mukakagwira. Pofika nthawi ya chakudya china kazikhala kataphwa, ndipo m'mawa uliwonse kazikhala kopanda kanthu. Mukadzuka n'kupeza kakadali kodzaza, mwina kakununkha chosasa, musaonjezere chakudya. Pafupifupi nthawi zonse gwero lake ndi limodzi mwa izi: phala linali lozizira, linali lolimba kwambiri, linali lotsala, kapena kamwanako kazizidwa. Kafunditseni, mukapatse madontho ochepa a madzi ofunda, ndipo kakapanda kuphwa tsiku lomwelo pitani nako kwa dokotala wa ziweto.

Phala lake ndi ufa wopangidwira tiana ta zinkhwe, wosungunula m'madzi owiritsa. Phala la ufa woyera silikwanira, ndipo mkaka mbalame siigaya. Kutentha kwake kukhale madigiri 39 mpaka 41, poyeza ndi themomita, osati ndi chala. Lotentha kuposa apa limawotcha chithokomiro mpaka kuboola. Muyezo wake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa kamwanako: ka magalamu 50 kapatseni mamililita 5 nthawi iliyonse yomwe mukukadyetsa. Ka masabata atatu kadye kanayi kapena kasanu patsiku. Kayezeni pa sikelo m'mawa uliwonse kasanadye, mulembe.

Sirinji yopanda singano ilowe kumanzere kwa mlomo wa mbalameyo n'kulozetsa kumanja kwake, chifukwa njira ya chakudya ili mbali imeneyo. Finyani pang'onopang'ono pokhapokha kakugwedeza mutu ndi kumeza. Mukathamanga, phala limalowa m'mapapo. Lotsala tayani. Ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja, phala silichedwa kusasa.

Anthu amaganiza kuti ku Mangochi kufunditsa n'kosafunika. Kamwana kopanda nthenga kamafuna madigiri pafupifupi 35, koyamba kumera nthenga zooneka ngati timinga pafupifupi 30, ndipo usiku wa mwera mu Juni ndi Julaye sufika pamenepo. Magetsi akathima, ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu pakona ya bokosi lomwe kamagonamo. Masana a chilimwe vuto limatembenuka: kakayasamula kukamwa n'kutambasula mapiko, katenthedwa, kachotseni pansi pa malata. Pansi pa bokosi pasaterere, apo ayi miyendo imakula yotangadza. Miyendo ya tebulo muimike m'zitini za madzi chifukwa cha nyerere.

Pa masabata anayi kapena asanu kamayamba kuuluka ndipo kamatsika sikelo pang'ono, zimenezo sizodetsa nkhawa. Yambani kuika mawere, mapira, karoti wopala, bonongwe wotsuka bwino ndi kachidutswa ka dzira lowiritsa. Mpendadzuwa ukhale wochepa, uli ndi mafuta ambiri. Tambiri timasiya sirinji pa masabata 8 mpaka 10. Chakudya chamadzulo ndicho chomaliza kuchotsa.

Peyala, anyezi, chokoleti ndi zamchere musayese n'komwe. Utsi wa mbaula, koyilo ndi mankhwala opopera udzudzu zimapha mbalame msanga, choncho chipinda chomwe mwapopera isagonemo usiku umenewo.