Mmene mungawerengere zotsatira za OCT poganizira kutalika kwa diso

Musanakhulupirire mtundu wofiira, wosonyeza malo opyapyala, umene makina a OCT, ojambula ndi kuyeza kukhuthala kwa retina, aika pa pepala la zotsatira, yambani mwadziwa kutalika kwa diso limene lapimidwalo, kuchokera kutsogolo kwake mpaka ku retina, kansalu kakumbuyo kamene kamalandira kuwala. Diso la munthu wamkulu nthawi zambiri limatalika mamilimita 23 mpaka 24, ndipo limayezedwa ndi makina ogwiritsa ntchito kuwala onga IOLMaster, kapena ndi A-scan, yoyeza ndi mafunde a mawu (ultrasound), kumene makinawo kulibe. Zonsezi zikasowa, funsani mphamvu ya magalasi a munthuyo, pakuti milimita imodzi yowonjezera imabweretsa vuto losaona patali la pafupifupi -2.50 mpaka -3.00. Diso lofika mamilimita 26 kapena kupitirira, limene kawirikawiri limafuna magalasi a -6.00, muliwerenge mosamala kwambiri.

Diso likamatalika, retina imakokeka ngati chikopa cha ng'oma, koma sipyapyala mofanana paliponse. Pa macula, malo a pakati pa retina amene timaonera zinthu mwatchutchutchu, mbali zakunja ndizo zimapyapyala, pamene pakati penipeni pamakhala pokhuthala monga kale, mwinanso kuposerapo pang'ono. Choncho mukaona pakati pali bwino koma m'mphepete mwapyapyala mozungulira, pa munthu wosaona patali amene alibe dandaulo lina, musafulumire kunena kuti akudwala.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pozungulira mtsempha waukulu wopita ku ubongo, pamene timafufuzira glaucoma, matenda owononga mtsemphawo. Makina amajambula mzere wozungulira wa mamilimita pafupifupi 3.4 m'mimba mwake, poganiza kuti diso ndi lotalika mwachizolowezi. Pa diso lalitali mzerewo umagwera kutali ndi mtsemphawo kuposa mmene makina akuganizira, ndipo popeza timitsempha ta mu retina topita ku mtsemphawo timachepa kukhuthala tikamatalikira pamenepo, nambala ya kukhuthala kwake imatsika m'munsi mwa mamaikuloni 90 mpaka 100 (mamaikuloni 1,000 ndi milimita imodzi) amene anthu ambiri athanzi amakhala nawo. Komanso mitolo iwiri ikuluikulu ya timitsempha, wa m'mwamba ndi wa m'munsi, imasendera cha ku macula, motero makina amapeza popyapyala pamene amayembekezera pokhuthala n'kupakapo zofiira. Yang'anani mzere wokwera ndi kutsika umene umasonyeza kukhuthala kwa timitsemphati pa pepalalo: ngati nsonga zake ziwiri zilipo zonse koma zangosendera kumbali, kutalika kwa diso ndiko kungakhale chifukwa chake. Makina ena amalola kulowetsa kutalika kwa diso kuti akonze okha masamuwo, ndipo ngati anu amatero, musadumphe gawo limeneli.

Komabe sindikufuna kuti wina atenge mfundo imeneyi ngati chifukwa chonyalanyazira zofiira zonse, chifukwa diso lalitali ndilonso lili pa chiopsezo chachikulu cha glaucoma, matenda amene amavutitsa kwambiri anthu akuda ndipo amapha diso mwakachetechete. Yerekezani maso onse awiri, yezani presha ya m'diso, onani mtsemphawo ndi maso anu, ndipo pimani mmene munthuyo akuonera cham'mbali. Zaka zake muziwerengerenso, pakuti timitsemphati timapyapyala pang'onopang'ono munthu akamakula.

Pa munthu wamkulu, kupyapyala kobwera ndi kutalika kwa diso sikusintha kwenikweni pakapita miyezi, pamene kwa glaucoma kumapitirira. Muuzeni abwerenso kudzajambulidwa pa makina omwewo, popeza makina a makampani osiyana sayeza malire a retina mofanana, ndipo lembani kutalika kwa diso lililonse m'buku lake la kuchipatala kuti wodzamupima mtsogolo adzayambire pamenepo.